Mlendo Sayambira Pakati

Ndikukumbukira chaka chimene fodya anatikomera mtima, bambo n'kubwera kunyumba ndi TV atainjata ndi mphira pa kaliyala wa njinga. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mudzi wathu uli mkati, ukachoka pa Mitundu ngati ukulowera ku Nathenje, ndipo masiku amenewo magetsi tinkawaona tikapita kuchigayo basi. TV yakeyo inali yaing'ono, yosaonetsa kala, yotupa kumsana ngati chulu, koma ine tsiku limenelo ndinayenda m'mudzi ngati mwana wa bwana. Anzanga amene ankakonda kunditulutsa msanga pa fulaye anayamba kunditchula kuti achemwali.

Mlongoti tinaukweza pa nsungwi yaitali, koma ngakhale tiutembenuze bwanji, TV inkangoonetsa timadontho tothamangathamanga tomwe tinkati mpunga. Amene anatipulumutsa ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, omwe anali ndi kanyumba koonetsera mavidiyo pa Nathenje. Anatipatsa deki yawo yakale, natibwereka tepi imodzi yomwe anyamata a kumeneko ankaikana chifukwa munalibe ndewu. Zonsezi zinkayendera batire la galimoto, kudzera m'kabokosi kena kolira ngati njuchi. Lachisanu lililonse bambo ankakasiya batirelo kwa wowotcherera zitsulo pa Mitundu kuti alitchaje, n'kukalitenga Loweruka. Lamlungu masana, tikabwera ku tchalitchi n'kudya, amayi ankapachika bulangete pa zenera, anthu n'kuyamba kufika ndi timipando tawo.

Filimuyo inali ya zam'mlengalenga. Munali mnyamata wina, makaniko wa chombo chouluka, amene anapita ndi anzake kukatenga madzi ku dziko lina lozizira mpaka nthaka kuundana. Chombo chinawonongeka, anzake anathawa pa china, iye n'kutsala yekha ndi chimakina choyenda chokha, cha diso limodzi. Pansi pano amayi ake okalamba ankakhala pakhonde tsiku ndi tsiku, wailesi ili pamiyendo, kudikira mawu a mwana wawo.

Zonse zinali m'Chingerezi chothamanga, ndipo wotimasulira anali bambo, omwe sukulu analekezera Sitandade 4. Koma abambo aja, manyazi analibe! Makanikoyo anamutcha Jailosi, chimakinacho anachitcha Chigubu. Jailosi akayankhula mawu awiri, bambo ankamasulira ndime yathunthu: "Akuti, Chigubu mnzanga, kuno kulibe ndi therere lomwe. Tikapanda kukonza chombochi, atiika opanda mwambo wa maliro." Anthu n'kufa nako kuseka. Ngakhale aphunzitsi athu a Chingerezi, akabwera, ankangopukusa mutu osawatsutsa.

Koma bambo anali ndi lamulo limodzi lomwe linkandiwawa zedi. Munthu akafika filimu itayamba, ngati anali asanaonereko chiyambi chake, bambo ankadzuka, kuimitsa deki, n'kubwezera tepi kumayambiriro. "Mlendo sayambira pakati," ankatero. "Munthu ungam'patse mbale yoti ena adya kale theka?" Ndiye taganizani: mudzi wonse ndi midzi yoyandikana nayo, aliyense kufika nthawi yakeyake. Uyu wachokera kudimba, uyo amasambitsa ana, winayo wangomva dzulo kuti kwa aBanda kuli kanema. Lamlungu lililonse pankapezeka wachilendo, ndipo kubwezera tepiko nako kunkadya batire. Masiku ambiri batire linkatha Jailosi adakali kukangana ndi Chigubu. Tsiku limene tinafika patali kwambiri, Jailosi anali atamaliza kulumikiza mawaya, wakhala pampando, dzanja lagwira chitsulo cholizira chombo. Pomwepo chithunzi chinayamba kufota m'mbali, kufota, kufota, mpaka kutsala kadontho koyera pakati. Kenako zii.

Milungu isanu inatha tisanaone mapeto. Ine nkhani ya Jailosi inandilowa m'mafupa. Ndikamasoka fodya m'chigafa ndinkangoganiza za iye, ndikamatunga madzi ndinkayang'ana kumwamba. Deki sankaigwira wina aliyense koma bambo, ngakhale fumbi ankapukuta okha, choncho kuba mpata kunali kosatheka. Ndinawachonderera kuti tsiku limodzi lokha tiyambire pomwe tinalekezera. Anangoseka, nanditchula ndi dzina la mfunda monga ankachitira akafuna kundiziziritsa mtima: "Nabanda, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ine chamumtima ndinati nkhonoyo ilibe batire lotha.

Kenako uthenga unabwera kuchokera ku Nathenje. Amalume nawo tepiyo anachita kubwereka m'tauni, ndipo mwini wake ankaifuna. Lolemba m'mawa inayenera kubwerera. Tinatsala ndi Lamlungu limodzi.

Mwayi wake, Lamlungu limenelo kunali chinkhoswe m'mudzi woyandikana nawo, ndipo pafupifupi aliyense anapita kumeneko. M'nyumba tinalimo ine, bambo, amayi ndi azibambo awiri achikulire omwe chiyambi cha filimuyo ankachidziwa ngati pemphero. Ndinawerengera bwinobwino: batire lodzaza, wachilendo palibe, ndiye kuti lero tifika. Ndinakhala pakhomo penipeni, diso lina pa TV, lina kunjira.

Filimu itapitirira theka, ndinaona munthu akutuluka kudambo, kabeseni kali pamutu. Mtima unangoti phwii. Anali amake Yohane.

Mayi ameneyu anali wochokera ku Phalombe, ndipo iwo ndi amuna awo anali matenanti pa esiteti ya fodya tsidya la dambo. Aliyense ankawatchula kuti amake Yohane, chonsecho Yohaneyo panalibe amene anamuonapo. Anthu a m'mudzi mwathu ndi matenanti ankangopatsana moni wa panjira, ndipo ife ana, ndinene zoona, tinkawaseka kayankhulidwe kawo akadutsa. Koma amayi ankaimba nawo kwaya ya amayi ku tchalitchi, ndipo kwa milungu yonse ija ankawaitana kuti adzaonere kanema. Iwo ankangoti, "Ife obwera tikakhala pati m'nyumba ya eni mudzi?" Tsono tsiku limenelo, mwina poona kuti anthu ambiri ali ku chinkhoswe, analimba mtima. Anavala chitenje chatsopano, chomwe mizere yake yopinda inali ikuonekabe.

Sindinaganize kawiri. Ndinatuluka ngati ndikupita kuseri, ndinathamanga n'kukawachingamira pa mtengo wa mango, patali pang'ono ndi nyumba. Ndinagwada monga mwa ulemu, moni tinapatsana, kenako bodza linatuluka losalala ngati ndalikonzekera sabata yonse. Ndinati batire latha, lero kulibe kanema, ndipo amayi apita ku chinkhoswe.

Ndisanatseke n'komwe pakamwa, m'nyumba munamveka mkokomo wa chombo, kenako mawu a bambo akumasulira mokweza, kenakonso kuseka kwa amayi. Kuseka kwa amayi anga kunkamveka mpaka kuchitsime, panalibe amene akanakusokoneza ndi kwa wina.

Amake Yohane anayang'ana kunyumbako, nayang'ana ine. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Nkhope yawo inangokhala ngati ya munthu amene wamva zomwe ankaziyembekezera kale. Anatula kabeseni kaja, nandipatsa ndi manja awiri.

"Ukawapatse amayi ako akabwera, mwanangu. Ndi nandolo wa kwathu."

Anatembenuka, nakonza chitenje chawo, nabwerera kudambo osacheuka.

Ndinatsala ndi nandolo m'manja. Kulowa naye m'nyumba sikukanatheka, choncho ndinakamubisa kuseri kwa chigafa, ndinavundikirapo masamba a nthochi, n'kubwerera pakhomo panga paja. Ndinayang'ana TV, koma kukoma kunali kutachoka. Amayi a Jailosi atatulukanso pakhonde ndi wailesi yawo, ine ndinkangoona chitenje chatsopano chija chikulowa m'bango.

Chakudza sichiimba ng'oma. Jailosi anali atangoyamba kulumikiza mawaya omaliza pamene kunja kunamveka kweee, phokoso la beseni likugudubuzika. Mbuzi zathu! Amayi anatuluka ndi mthiko kukazipirikitsa, ndipo atabwera anali atanyamula kabeseni kobiriwira ndi kansalu kophimbira. Nandolo theka anali atapita. Amayi kabeseniko ankakadziwa, chifukwa n'komwe amake Yohane ankatengeramo zakudya ku misonkhano ya kwaya.

"Kabeseni ka amake Yohane kafika bwanji kuseri kwa chigafa?" anafunsa amayi, maso ali pa ine.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Pa TV, Jailosi anakhala pampando, natambasula dzanja kuti agwire chitsulo chija, chithunzi chili chowala bwino, batire likadali ndi mphamvu. Bambo anadzuka pang'onopang'ono, nadina batani. Deki inati khwatcha, n'kuima.

Ndinaulula zonse, ndikulira. Ndinkayembekezera mkwapulo, ndipo ndikanaulandira mokondwa akanati andikwapule kenako ayatsenso deki. Koma bambo sanathyole n'kamtengo komwe. Anangondifunsa funso limodzi, motsitsa mawu:

"Pamene unkawauza kuti amayi ako kulibe, iwo anawamva akuseka?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye kuti mayi aja akudziwa kuti pakhomo pa Banda awapirikitsa. Sakudziwa kuti wawapirikitsa ndi mwana. Akuganiza kuti tinachita kukutuma."

Mawu amenewo anandilasa kuposa mkwapulo. Ine ndinkaganiza kuti ndanama kabodza kanga ndekha, osadziwa kuti ndanamizira nyumba yonse.

Bambo anapepesa kwa azibambo awiri aja, nayamba kuzula mawaya. Batire analimanga pa njinga. TV anaikulunga m'bulangete la pazenera lija, amayi n'kusenza. Ine anandipangira nkhata, nandisenzetsa deki, tepi ili momwemo. M'kabeseni muja amayi anakhuthulamo nandolo wotsalayo, nathiramo mtedza wosenda, poti mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Tinauyamba ulendo wa ku esiteti dzuwa likuswa mtengo, bambo patsogolo akukankha njinga, amayi pakati, ine pambuyo. Dekiyo sinali yolemera kwenikweni, koma anthu ochokera ku chinkhoswe amene tinkakumana nawo ankafunsa kuti, "Kodi aBanda mukusamuka?" Bambo ankangoyankha kuti, "Ayi, tikukapereka ngongole ya ulemu." Ine pansi pakanang'ambika ndikanalowa.

Ndinali ndisanafikepo kumene matenanti ankakhala. Tinyumba tawo tinali taudzu, tondandalika kuseri kwa zigafa zazitali, fungo la fodya wouma lili ponseponse. Amake Yohane tinawapeza atavula kale chitenje chija, avala chakale, akusankha ndiwo pakhomo. Atationa anadzidzimuka mpaka lichero linagwa.

Amayi anatula TV, bambo anaimika njinga, onse n'kundiyang'ana. Ndinatula deki, ndinagwada, ndinanena ndekha zomwe ndinachita ndi chifukwa chake, kuti palibe amene anandituma, kuti ndinkangofuna kuona mapeto a filimu. Amake Yohane anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana katundu yense uja ali pabwalo pawo, naseka mpaka kugwira pamimba.

"Mayo ine! Mwasenza nyumba yonse chifukwa cha ine? Dzuka mwanangu, maondo angachite zipsera. Ukadzakula udzanama mabodza abwinoko, osati lonama amayi ako akuseka kumbuyo kwako."

M'kanyumba kawo munali mdima wokwanira, bulangete silinafunike. Matenanti anzawo anadzaza mpaka pakhomo, ana kutsogolo, ena kusuzumira m'ming'alu ya khoma. Ndipo bambo, monga mwadziwira kale, anabwezera tepi kumayambiriro. Ndinamva kulira kwa deki ikubweza, ndikudziwa kuti mphamvu yomwe ikanatifikitsa kumapeto ndi imeneyo ikupitayo. Chodabwitsa n'chakuti sindinalire.

Tsiku limenelo bambo anamasulira kuposa masiku onse. Chigubu anachiyankhulitsa ngati kapitawo wa pa esiteti, matenanti n'kugubuduka ndi kuseka. Koma atatuluka amayi a Jailosi pakhonde ndi wailesi yawo, amake Yohane anasiya kuseka. Anasendera kutsogolo, manja ali pamasaya. Mayi wa m'filimuyo atatembenuza kabatani ka wailesi n'kungomva phokoso lopanda mawu, iwo anati chapansipansi, "Ndi momwemo, mayi. Ndi momwemodi." M'pamene amayi anandinong'oneza kuti Yohane anapita ku Joni kukafuna ntchito zaka zinayi zapitazo, ndipo chichokereni sanalembepo kalata.

Batire, lomwe linali litagwira kale ntchito kunyumba, silinapite patali. Jailosi asanapeze n'komwe mawaya ake, chithunzi chinayamba kufota, n'kutsala kadontho kaja. Anthu anadandaula, ana anafuula kuti ayatsenso. Amake Yohane anandigwira pamkono.

"Iwe waionera kambirimbiri. Tandiuza, mnyamatayu abwerera kwa amake?"

Bodza lina linafika pakamwa, ndipo ili linali lokoma, loti likanawasangalatsa. Ndinayang'ana bambo, koma iwo anali kalikiliki kukulunga mawaya ngati sakumva. Ndinayankha zoona zake.

"Sindikudziwa, mayi. Palibe amene anaonapo mapeto ake."

Anandiyang'ana kwakanthawi, nagwedeza mutu. "Chabwino. Ndiye tidikira tonse."

M'mawa mwake bambo anapalasa njinga kukabweza tepi ku Nathenje. Amalume anatibwereka ina, kenako ina, za ndewu, za nyimbo, zina za zam'mlengalenga zomwe. Amake Yohane sanaphonyenso Lamlungu, ndipo sankabwera okha. Anayamba kubwera ndi anzawo a pa esiteti, mpaka bambo anachita kutulutsa TV kukaiika m'chigafa kuti anthu akwane. Malo awo anali pafupi ndi ine, ndipo ankakonda kundiseleula pamaso pa anthu: "Mlonda wa pakhomo, lero batire lilipo?"

Patapita zaka ziwiri, Lamlungu lina filimu ili pakati, ndinaona amake Yohane akutuluka kudambo mochedwa, atavala chitenje chija cha tsiku loyamba. Pambuyo pawo pankabwera mnyamata wamtali, wowonda, wovala jekete lachikopa kunja kukutentha. Analowa m'chigafa atamugwira dzanja ngati kamwana. Panalibe wofunsa kuti ameneyu ndani. Amayi anayamba nthungululu, azimayi onse n'kulandira.

Phokoso litatsika, mnyamata uja atapatsidwa mpando, anthu anayang'ana kwa bambo, poti lamulo lawo aliyense ankalidziwa. Koma bambo sanadzuke. Anatembenuka, nandiyang'ana ine, nakweza nsidze kuloza ku deki. Ndinadzuka, ndinadutsa pakati pa anthu, ndinadina batani loimitsira, kenako lobwezera. Aka kanali koyamba kuti dzanja langa lidine mabatani a deki ija.

Lero ndine mayi wa ana atatu. Mwezi wathawu ndinalowa m'sitolo ina mu Lilongwe momwe ankaonetsa ma TV amene angofika kumene, opyapyala ngati kalendala ya pakhoma, oti umachita kuwayankhula n'kukusakira okha filimu yomwe ukufuna. Mnyamata wogulitsa anandiuza monyadira kuti aliyense m'nyumba angathe kuonera yake pa foni, n'kuyambira pomwe analekezera, osasokonezana ndi mnzake. Ndinamuyamikira, ndipo ndinagula imodzi yaing'ono yoyendera sola, n'kukawapatsa bambo kumudzi. Zinthu zabwino ndithu, sindingazinyoze. Ana anga amaonera zombo zam'mlengalenga zowala mpaka kuona thukuta pamphumi pa woyendetsa.

Koma ndimati ndikawaona atakhala pampando umodzi, aliyense maso pa foni yake, ndimakumbukira chigafa chija, ndipo ndimamvetsa zomwe ndili mwana ndinkaziona ngati kuuma mutu kwa bambo. Iwo TV ija sanaigulire filimu. Anaigula kuti pakhomo pawo pazifika anthu, ndipo munthu akafika, ayenera kudziwa kuti amayembekezeredwa, ngakhale wachedwa, ngakhale ndi wobwera. Mapeto a filimu ukhoza kuwapeza tsiku lina. Munthu amene wam'bweza pa mtengo wa mango, ngati sunam'tsatire tsiku lomwelo, ndiye kuti wapita.

Mwana wanga wamkulu akuti akhoza kundisakira filimu ya Jailosi nditangomuuza dzina lake lenileni. Dzinalo sindilidziwa, ndipo bambo nditawafunsa anati, "Si Jailosi ndi Chigubu kodi?" Choncho mpaka lero sindidziwa ngati chombo chija chinalira. Sizindisowetsanso tulo. Ine mnyamata wobwerera kwa amake ndinamuona ndi maso angawa, atavala jekete lachikopa, ndipo tepi ndinamubwezera ndine.